Fodya Pabere

Chaka chimene bambo a mwana wanga anapita ku Wanki kukakumba malasha, nthawi ya Chitaganya, ndinatsala ku Nyimba ndi apongozi komanso khanda loyamwa. Mvula itagwa, njoka inayamba kubwera pakhonde. Tinkaiona masanasana ikukwawa m'mbali mwa chipupa, lilime lili tulukire lowere, kenako n'kuzimirira m'maudzu.

Apongozi anati njoka sidalira mphuno ngati chule, imanyambita mpweya ndi lilime, ndipo chimene inkanyambita pakhomo pathu chinali fungo la mkaka wanga. Ine khasu linali litanditopetsa, msana ukuphwanya ndi mbereko, moti mphamvu zotsutsa ndinalibe. Mantha nawonso ndinali nawo, ndisaname.

Anaviika masamba a fodya m'madzi n'kundiuza kuti ndizipaka pachifuwa m'mawa uliwonse. Ndinkatsuka ndisanayamwitse, koma kuwawa kwa fodya sikuchoka ndi madzi okha, ndipo sopo tikanamuona kuti? Mwana ankagwira bere, n'kulavula, n'kulira mpaka mawu kusasa. Kenako anayamba kungotembenuza mutu.

"Amama, mwana akana bele," ndinawauza.

"Njala ikamugwila azayamwa. Ufuna njoka imupeze pamphasa?"

Ndinapitiriza kupaka fodyayo. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma awa ankangowawirawawira.

Njokayo anaipha mlamu wanga kuseri kwa mitsuko ya madzi, pamene dothi silinkauma. Mimba yake inali yotupa. Ataing'amba ndi mpeni munatuluka achule, wina akadali wathunthu, ndipo titanyamula mitsuko tinapeza anzawo atabisala m'chinyontho. Apongozi anayang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti mitsuko isunthidwe. Za mkaka sanatchulenso, nanenso sindinawakumbutse.

Fodya ndinasiya tsiku lomwelo, koma mwana anali atadana nalo kale bere. Ndinayesa kupaka uchi, ndinayesa kumunamiza ali m'tulo, osatheka. Mabere anatupa, anandipweteka mpaka m'khwapa, kenako anauma. Ndinamulera ndi phala lamadzimadzi, lomwe lambiri linkathera pansalu yanga. Anakhala moyo, koma timiyendo take tinali ngati mapesi.

Bambo ake anabwera patchuthi nthawi yokolola. Anamunyamula ndi dzanja limodzi, n'kumuyesa kulemera, n'kundifunsa ngati pakhomopo panalibe chakudya. Apongozi anali pomwepo, akusenda nsawawa, maso ali pansi. Ine ndinapita kukawatenthetsera amuna anga madzi osamba.