Digiri ya Mwiche ndi Amuna Anayi a pa Geti

Mwiche Nkandu anabadwira ku Mufulira, koma anakulira mu komboni ya George, kumene mayi ake anasamukira bambo atamwalira. Mayiwo ankagulitsa kapenta ndi nyemba pamsika, ndipo ndi thebulo lomwelo anaphunzitsa mwana wawoyo mpaka kutenga digiri yoyamba. Mwiche anapeza ntchito ku Heavy Industrial Area, pa kampani ina yogulitsa feteleza ndi zakudya za ziweto. Anayamba ngati kalaliki, kenako anakhala woyang'anira shedi yaikulu yosungiramo katundu.

M'mawa uliwonse ankayenda msewu umodzi ndi amuna a mu George opita kukaima pa geti la kampaniyo kudikira ganyu yonyamula matumba. Kapitawo ankatuluka, n'kuloza amene wawafuna, otsalawo n'kubwerera. Mwiche ankadutsa pakati pawo atavala jekete la kampani, akupatsana nawo moni, poti ambiri anali anthu omwa nawo madzi pampopi umodzi.

Pa shediyo anakhalitsa. Kawiri konse udindo wa umanejala unatuluka, kawiri konse unapita kwa anthu ochokera kunja. Ulendo wachiwiriwo anapita kukafunsa kwa ba Chishimba, mkulu woyendetsa ntchito, amene anamulemba ntchito pachiyambi ndipo ankamutenga ngati mwana wawo.

"Nchito muidziwa, ba Mwiche, palibe angatsutse," anatero ba Chishimba. "Koma eni kampani masiku ano afuna digiri ya MBA. Pitani kusukulu. Mukabwera na pepala, ine nizakuimirirani."

Mwiche analembetsa pa yunivesite ina ya m'tauni yophunzitsa Loweruka ndi Lamlungu. Anasiya kwaya, anasiya kupita kumaukwati, ngakhale mnyamata amene ankamufunsira anatopa n'kukakwatira wina ku Chawama. Mayi ake ankangoti, "Malizani chabe, mwana wanga," n'kumuikira chakudya pambali pa mabuku. Mayeso onse anakhoza. Chinatsala ndi kafukufuku womaliza, amene wophunzira aliyense amayenera kuchita pa kampani yeniyeni, ndi chilolezo cha eni ake.

Anasankha funso limene linkamuvutitsa pantchito: n'chifukwa chiyani aganyu odziwa ntchito sakhalitsa? Ba Chishimba anavomera mokondwa, ndipo anamunong'oneza kuti kampani ikutsegula depoti yatsopano ku Kabwe, ndipo manejala wake sanapezeke.

Mwiche anacheza ndi aganyuwo mmodzimmodzi, ena pa nthawi ya chakudya kuseri kwa malole, ena kunyumba zawo. Aliyense anamulonjeza kuti dzina lake silidzatuluka. Anamuuza za fumbi la feteleza lolowa m'chifuwa, za kapitawo wokondera, za kuimitsidwa munthu akangotsala pang'ono kukhala wantchito wokhazikika. Amene anamuuza zambiri anali ba Bornwell, bambo wofatsa wokhala nyumba yoyang'anizana ndi ya mayi ake. Iwo anafotokoza za ba Isaiah, mnzawo wa pa ganyu, amene Mwiche ankadziwa kuti anagwa padenga la nyumba yawo n'kuthyoka chiuno.

"Denga liti?" anatero ba Bornwell, akuyang'ana pansi. "Matumba anamugwera mu shedi yanu yomweyo, imwe muli pa tchuthi. Tinamunyamula anthu folo, kupita naye ku geti ya kumbuyo. Abwana anatiuza ati kuchipatala mukakambe kuti anagwa padenga, mukakamba vinangu osabweranso kuno. Ine nenze ninagwira kumutu, nenze kumva mwamene enze kulirira."

Mwiche analemba mawuwo monga anawamvera, n'kungoti amene ananena ndi wogwira ntchito wina. Zogwira kumutu anazichotsa. Koma anasiya momwemo zoti onyamulawo anali anayi. Ankaganiza za mphunzitsi wake ndi mamalikisi, osaganiza za munthu amene akudziwa shediyo ngati chikhatho chake.

Ntchito itatha anaipereka kwa ba Chishimba kuti aione asanaivomereze. Lolemba lotsatira anamuitanitsa. Atalowa anapeza buku la kafukufukuyo lili lotsegula patebulo, tsamba limodzi litapindidwa.

"Tsekani chitseko," anatero ba Chishimba. Sanamuuze kuti akhale. "Ni ndani anakamba ivi?"

"Bwana, kafukufuku salola kutchula maina."

"Sinifunsa kafukufuku, nifunsa imwe. Mudziwa kuti eni kampani akaona ivi, woyamba kuyenda ni ine? Anamunyamula ni anthu folo. Niwadziwa onse: Bornwell, Lemmy, Robert na Kangwa. Kuyambira mailo palibe azalowa pa geti. Munipatse dzina imodzi, atatu abwerere pa nchito. Na Kabwe ni yanu. Nikupatsani mpaka pa Chisanu."

Mwiche anatuluka. Apo ndi pamene anazindikira kuti ndi cholembera chake chomwe anali atawaloza anthuwo.

M'mawa mwake anawaona pa geti. Kapitawo analoza uyu ndi uyo, koma anayi aja anawadumpha ngati palibe. Ba Lemmy, munthu wamphamvu amene sankasiyidwa nkomwe, anafunsa chifukwa. Kapitawoyo anangoti, "Mukafunse ba yunivesite banu." Maso onse anatembenukira kwa Mwiche. Iye analowa osayang'ana kumbali.

Nkhani inafika mu George iye asanafike. Madzulo akutsika minibasi anapeza mkazi wa ba Lemmy akumudikira panjira yolowera kwawo, mwana kumsana, amayi ena ataima chapatali.

"Ba Mwiche, ise tinakulakwirani chani? Amuna anga anakamba chabe va fumbi, va Isaiah sanakambe. Muwauze abwana anu amene anakamba, ise tidye. Imwe mufuna pepala, ana anga afuna nsima."

"Nizakonza, amayi. Nipatseniko nthawi."

"Nthawi? Nthawi tizaphika?"

Kunyumba anapeza mlendo wina atakhala pampando pafupi ndi chitseko. Anali bana Chansa, mkazi wa ba Bornwell. Iwo sanakweze mawu. Anadikira kuti mayi a Mwiche atuluke, kenako anagwira Mwiche dzanja.

"Ananiuza vonse," anatero. "Mukamutchula, si nchito chabe izatha. Aja atatu azamupanga chani muno mu komboni? Makapitawo onse a mu Industrial adziwana, sazalowanso geti iliyonse. Munamulonjeza, ba Mwiche."

Ba Bornwell eni ake sanabwere. Ankatuluka m'mawa limodzi ndi anzawo, kukaima pa geti, n'kubwerera. Akakumana ndi Mwiche ankangochotsa chipewa.

Lachitatu Mwiche anapempha kutuluka masana n'kupita kukaonana ndi mphunzitsi womuyang'anira pa kafukufukuyo, Dokotala Sampa, mayi wachikulire wosakonda kuzungulira. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Dzina simungapereke," anatero. "Mukapereka, ndipo ine ndikamva, ntchitoyi sindiilandira. Koma musadzinamize. Kampani ikabweza chilolezo, ntchitoyi yafanso. Muyamba ina, pa kampani ina, ndipo chaka chino simumaliza. Chinanso, tsamba lija ndinaliwerenga ineyo, ndipo ndinayenera kukuuzani kuti muchotse chiwerengerocho. Tonse tinagona."

"Ndiye ndichite chiyani, adokotala?"

"Za sukulu ndakuuzani. Za pantchito panu mukudziwa ndinu."

Mwiche anabwerera ku shedi mutu uli wolemera. Anaganiza zotchula dzina la munthu wina amene anasamukira ku Solwezi, koma ameneyo sanali m'gulu la anayi aja. Anaganiza zonena kuti nkhaniyo anaipeka yekha, koma zikanatanthauza kuti ba Isaiah anagwadi padenga, ndiponso kuti iye ndi wabodza pamaso pa sukulu. Mayi ake, amene sankalowerera za kuntchito, anangomufunsa tsiku limenelo ngati ku Kabwe angapite ndi mtima umodzi, anthu a pakhomo pano atamutembenukira misana. Mwiche ku Kabwe ankakufuna kwambiri. Anali atayamba kale kuona m'maganizo nyumba yokhala ndi mpopi mkati, ndi mayi ake atapuma ku msika.

Lachinayi wina anathira madzi otsukira mbale pakhomo pawo. Palibe anaona amene anachita.

Lachisanu linafika. Ba Chishimba anamulandira mosiyana ndi Lolemba. Anamukokera mpando, anamuitanitsira tiyi, n'kuyamba kukamba za kale, mmene anabwerera kudzafunsira ntchito atavala nsapato zobwereka.

"Ine sinine chilombo, mwana wanga. Va Isaiah vinaniwawa naine, koma lamulo inachoka pamwamba. Manje tiyeni tisirize. Sinifuna na kuti mukambe. Nizatchula ine, imwe mugwedeze chabe mutu." Anawerama patebulo, maso ali pankhope pake. "Lemmy?"

Mwiche anayang'ana kalendala ya pakhoma kumbuyo kwawo.

"Robert? Kangwa?" Anadikira pang'ono. "Bornwell? Uja neba wanu?"

Mwiche ankaopa ngakhale kuphethira, kuopa kuti chikope chingamupereke munthu. Anapitiriza kuyang'ana kalendala ija mpaka ba Chishimba anabwerera kumbuyo pampando wawo.

"Bwana," anatero Mwiche, "dzina sinizakupatsani, lelo kapena mailo. Buku iyo ingafe, nizayamba ina. Koma nipempha mumvere chimodzi. Anthu aja folo pakali pano ali zii chifukwa ayembekeza kubwerera pa nchito. Mukawatsekera geti, sazakhala na chotaya. Azayenda onse pamodzi ku ofesi ya boma ya zantchito, na ba Isaiah pa wilibala. Apo eni kampani sazamva kuli ine, azamvera pa wailesi."

Nkhope ya ba Chishimba inasintha. "Muniopseza?"

"Iyayi, bwana. Nikamba vamene niona."

"Nakulerani pano ine! Ivi ndiye vamene akuphunzitsani kusukulu kwanu?" Anatenga buku lija n'kuliponya m'dirowa. "Chilolezo nabweza. Kabwe iwalani. Chokani."

Mwiche anatuluka, anakalowa m'chimbudzi cha akazi, n'kukhalamo kwakanthawi. Kenako anabwerera ku shedi, chifukwa malole awiri ankadikira kupakira.

Sabata yotsatira anayi aja anadumphidwanso, ndipo mu George anthu ena anasiya kugula kapenta wa mayi ake. Mwiche anayamba kuganiza kuti wataya zonse pachabe. Koma nyengo yogulitsa feteleza itayandikira, kapitawo analoza ba Robert ngati palibe chinachitikapo. Kenako ba Kangwa, kenako ba Lemmy. Ba Bornwell anawaloza pomaliza, koma anangogwira masiku ochepa. Anauza Mwiche kuti maso a kapitawo akuwalemera, ndipo anapita kukaumba mabuloko kwa mlamu wawo ku komboni ya Kuku. Kuchoka kwawoko kunauza aliyense zimene Mwiche anakana kunena, ngakhale panthawiyo panalibenso wowachita kanthu. Mu shedi munabwera lamulo, lopanda kufotokoza chifukwa, loti matumba asamasanjidwe kupitirira mzere wofiira umene anajambula pakhoma. Ba Isaiah sanalandire kalikonse. Mpaka lero amayenda ndi ndodo, ndipo amasoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi sitesheni ya minibasi.

Depoti ya ku Kabwe anapatsa munthu wina wochokera ku Ndola. Mwiche anatsala pa shedi yake, ba Chishimba akumulankhula kudzera mwa kapitawo basi. Anzake a m'kalasi anavala mikanjo chaka chimenecho, iye akuona zithunzi zawo pa foni. Kafukufuku watsopano anakachitira kwa akalipentala a ku Kalingalinga, amene anali ndi bungwe lawo logulira matabwa pamodzi. Loweruka lililonse ankakwera minibasi ziwiri kupita kumeneko, n'kukhala pa benchi pakati pa utuchi, akufunsa mafunso. Ulendo uno chilichonse chimene walemba ankayamba wawerengera mwini mawuwo, n'kumufunsa ngati angadziwike nacho.

Digiri anailandira chaka chotsatira, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Anafunsira ntchito m'malo ambiri osayankhidwa, mpaka kampani ina yogawa mankhwala m'zipatala inamutenga kukhala manejala wa zonyamula katundu. Tsiku lotsanzika, ba Chishimba anamupatsa dzanja ataimirira, n'kunena kuti, "Muyende bwino, ba Nkandu."

Mwiche anafuna kusamukira ku nyumba yabwinoko, koma mayi ake anakana kusiya msika ndi anzawo a kumpingo, choncho akukhalabe mu George, m'nyumba yomweyo imene tsopano anaiwonjezera zipinda ziwiri. Bana Chansa amabwera kudzacheza ndi mayi ake masana. Mkazi wa ba Lemmy akakumana naye panjira amayankha moni ndi mutu wokha, ndipo Mwiche anasiya kuyembekezera zoposa pamenepo.