Zigamba za Nkhoma

Ndinaganiza zochoka ku Kabwe tsiku limene ndinakokota mgolo womaliza wa phula n'kupeza kuti lotsalamo silikukwana kumata ngakhale dzenje limodzi. Zinali zaka zija malire a kumwera a Zambia atatsekedwa, anthu akuima pamzere kuti agule sopo ndi mafuta ophikira. Phula lochepa limene linkalowa m'dziko linkapita kumisewu ikuluikulu. Ife amene tinkadyera tinjira tolowera kunyumba za mabwana a mgodi ndi malo oimikapo magalimoto kumaso kwa masitolo, tinangotsala ndi mafosholo m'manja.

Ine ndine Efraimu Nkhoma. Ndinabadwira konkuno tauni ino ikadali Broken Hill. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo chifuwa cha mumgodimo ndicho chinawatenga. Atamwalira tinatulutsidwa m'nyumba ya kampani, ine n'kupeza nyumba ya lendi ya khonsolo ya zipinda ziwiri ku Bwacha, yolembedwa m'dzina langa. Ndinkakhalamo ndi amai. Mlongo wanga Enelesi anakwatiwa ndi Sitafodi Mwale wa ku Katete, mnzanga amene tinkaimba naye kwaya kutchalitchi. Iwo ankakhala ku Makululu, m'kachipinda kodontha. Sitafodi ntchito ya phula anaiphunzira kwa ine, ndipo tinkagwira limodzi.

Ntchitoyi ilibe chinsinsi, imangofuna munthu wosathamanga. Dzenje sulimata monga walipezera. Umalidula ndi piki kuti likhale la ngodya zinayi, n'kukumba mpaka upeze pouma, n'kusesa fumbi lonse. Kenako umapaka phula lotentha m'mbali, n'kuthira miyala yosakaniza ndi phula pang'onopang'ono, ukutsendera, ukuthiranso, ukutsendera. Ming'alu umaimata mvula isanagwe, chifukwa madzi akalowa pansi, pamwamba ngakhale paoneke bwino, zatha. Anthu a m'tauni ankadziwa kuti pamene wadutsa Nkhoma, galimoto imaimapo zaka.

Ndinamva kwa dalaivala wina wa malole kuti ku Malawi akumanga likulu latsopano ku Lilongwe, ndipo makontilakita akusaka anthu odziwa phula. Ndinawauza amai tikudya nshima masana. Anasiya kudya.

"Ife tinathawa umphawi komweko," anatero. "Iwe ukukautsata?"

"Zaka ziwiri zokha, amama. Phula likayamba kupezeka kuno ndibwera."

Sitafodi ndiye anandilimbitsa mtima. Ndinamusiyira chigubu chophikira phula chokhala pamateyala, rola yokoka ndi manja, mapiki, mawilibala awiri, ndi mayina a makasitomala onse. Pa siteshoni anandigwira mkono ndi manja ake onse awiri. "Alamu, pitani ndi mtima umodzi. Amama ndi amama anga. Zitsulo zanu muzazipeza zikung'anima." Mawu amenewo ndikuwamvabe mpaka lero, ndi momwe anamwetulira.

Ku Lilongwe ntchito ndinaipeza sabata yoyamba yomwe. Kapitawo anandipatsa fosholo kuti andiyese, ataona m'mene ndadulira m'mbali mwa dzenje anati ndibwere mawa. Tinkayala phula kumaso kwa maofesi amene anali asanalowemo anthu, mabwalo akuluakulu pakati pa tchire, dzuwa likuswa mtengo, nsapato zikumatirira pansi. Ndinkagona ku Kawale, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mmisiri wina wa matabwa.

Ndinkayesa kuti popeza ndi dziko la makolo anga, andilandira ngati mwana wobwerera. Ayi ndithu. Ndikangotsegula pakamwa anzanga pantchito ankaseka. "Tanenanso, wa ku Zambia. Ukuti nshima?" Dzina langa linafa, ndinasanduka Wakuzambia. Ulendo wina ndinakwera basi kupita ku Dedza kukafuna mudzi wa bambo. Ndinawapeza achibale, anandiphera nkhuku, koma maso awo anali pachikwama changa, ndipo mkulu wina anandifunsa mosabisa ngati ndabwera kudzalanda munda. Sindinabwererekonso.

Lamulungu ndilo linkandivuta. Ndikachoka kutchalitchi ndinkachapa zovala ndi palafini kuti phula lichoke, n'kukhala pamwala kudikira kuti ziume, popanda wolankhula naye. Mowa sindimwa, bawo sindidziwa. Ndinkangowerenga makalata a Enelesi mobwerezabwereza. Amai sadziwa kulemba, choncho zonse zinkadzera mwa iye. Ankalemba zofanana nthawi zonse. Amama ali bwino, akukupatsani moni. Ndalama talandira, Mulungu akudalitseni. Alamu anu akugwira ntchito zing'onozing'ono. Kuno phula likadali losowa, musafulumire kubwera.

Musafulumire kubwera. Ndinkawerenga mawu amenewo ngati chikondi cha mlongo wosafuna kuti mchimwene wake avutike. Mwezi ukatha ndinkapatula ya lendi ndi ya ufa, yotsalayo n'kupereka kwa dalaivala uja kuti akasiye ku Bwacha. Nyama ndinkaidya pa Khirisimasi. Panali mtsikana wina wogulitsa mandasi pafupi ndi pantchito, Felesiya, amene tinkamvana, koma ndinamuuza kuti sindingakwatire kuno, kwathu ndi ku Kabwe, nyumba ilipo, amai akundidikira. Anakwatiwa ndi wina. Lero ndikakumbukira nkhope yake tsiku limene ndinamuuza zimenezo, ndimadziona kupusa. Zaka ziwiri zija zinakhala zisanu.

Chimene chinandibweza ndi chifuwa. Utsi wa phula unandilowa, ndinagona m'chipatala masabata angapo, ndipo ndili chigonere ndinaopa kufera kumene palibe wondilira. Nditatuluka sindinalembe kalata. Ndinati ndikawadzidzimutse. Ndinagulira amai bulangete ndi nsalu ziwiri, ana a Enelesi tinsapato, Sitafodi wailesi yaing'ono.

Ndinatsika basi ku Kabwe chakumasana, mvula itangoyamba kumene chaka chimenecho. Popita kokwerera minibasi ya ku Bwacha ndinadzera kumaso kwa sitolo ya zitsulo ya a Musonda, kasitomala wanga wakale. Bwalo lawo loimikapo magalimoto ndinaliyala ndekha. Ndinaima n'kulephera kupita patsogolo. Phula langa lakale linalipo, lotuwa koma lolimba. Koma apa ndi apo panali zigamba zatsopano, zozungulira ngati mbale, zotitimira, madzi atadikhamo, pamwamba pake pakuyandama mafuta amitundumitundu. Ndinawerama n'kukanda ndi chala. Zinali zofewa ngati phala. Fungo lake ndinalizindikira pomwepo. Munthu anali atasungunula phula pang'ono n'kulichulukitsa ndi oilo wakuda wotayidwa m'magalaja.

A Musonda anatuluka, nandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Imwe ba Nkhoma, mulibe nsoni? Mwabwela kuona vamene munacita?"

"Ine ndachita chiyani, bwana? Ndangotsika kumene basi."

"Mulamu wanu anatiuza vonse. Migolo yamene munamusiyila inali yosakaniza na oilo, ndiye cifukwa munathaba. Tauni yonse iziba. Ivi tivitana zigamba za Nkhoma."

Ndinafuna kunena kuti sindinasiye mgolo ndi umodzi womwe wokhala ndi phula, koma anthu anali atayamba kuima n'kumandiyang'ana. Ndinanyamula katundu wanga n'kuchoka.

Ku Bwacha ndinapeza nyumba yapakidwa laimu watsopano, kanjira kolowera pakhomo katayalidwa phula, labwino ndithu, losasakaniza. Chigubu changa chinali pambali pa nyumba, chitalembedwa dzina la Mwale ndi penti yofiira. Enelesi anali akuyanika zovala. Atandiona anagwetsa beseni.

"Achimwene! Bwanji osalemba kalata?"

"Amama ali kuti?"

Anayang'ana pansi. "Ali ku Makululu."

"Kukaona ndani?"

"Amakhala komweko. Chaka chino n'chachinayi."

Sindinakhale pansi. Sitafodi anatuluka m'nyumba atavala jekete, atanenepa, baji ya chipani ili pachifuwa. Sananjenjemere n'komwe. Anandiuza ataima pakhonde langa kuti nyumba tsopano ili m'dzina lake, kuti akuofesi ya nyumba akanailanda chifukwa mwini wake anali atabwerera kwawo ku Malawi, ndipo iye anangoipulumutsa kuti isapite kwa anthu akunja kwa banja.

"Kwathu ku Malawi?" ndinatero. "Ine reji yanga ya unzika ndi yobiriwira ngati yako. Mchombo wanga uli kuno."

"Alamu, munthu akapita zaka zisanu, anthu amakamba."

"Nanga za oilo? Anthu akambanso okha?"

Apo anayang'ana kumbali. "Nthawi inali yovuta. Ana anafunika kudya. Imwe munali kutali, dzina lanu silikanamva kuwawa."

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinamuphunzitsa kugwira piki. Sindinamumenye. Tinsapato ta ana ndinatisiya pakhonde, poti ana analibe mlandu. Wailesi ndinabwerera nayo.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa akulu a mpingo. Anandimvetsera mwaulemu, nandipatsa tiyi. Kenako mmodzi anandikumbutsa za kukhululuka, wina anati nkhani za m'banja zisamatuluke panja. Potuluka ndinaona kuti bwalo lonse la kumaso kwa tchalitchi layalidwa phula losalala, ndipo sindinafunikenso kufunsa kuti anayala ndani, kapena chifukwa chimene Sitafodi anali atasankhidwira udikoni. Onse ankadziwa. Anthu amene ndinakula nawo, amene anaimba pamaliro a bambo anga, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zonditumizira mzere umodzi wa kalata.

Koma ndadumpha. Kwa amai ndinapita tsiku lomwe ndinafika, nditangochoka ku Bwacha. Ndinayenda wapansi, ndikulumpha zithaphwi, mpaka ndinawapeza m'kachipinda komwe kaja ankakhala Enelesi kale, denga lake lotsenderezedwa ndi miyala. Anali atakhala pakhomo akusankha nyemba zogulitsa. Anali atachepa thupi. Anandigwira kumaso n'kulira, nanenso ndinalira. Ndinawafunditsa bulangete lija, ndipo mtima wanga unali utapsa powaona akuvutika chotero.

"Amama, musadandaule. Mawa ndipita kuofesi. Anakuthamangitsani m'nyumba mwanu, ananama kuti ine ndasamuka. Pepala limene anasinthira dzinalo ndikaling'amba."

Anasuntha nyemba ndi chala.

"Palibe anandithamangitsa," anatero. "Kuofesiko ankafuna mboni yonena kuti sudzabweranso. Ndinapita ndine. Chala ndinadinda ndekha."

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. "Inu?"

"Ana atatu ankagona m'matope muno, wamng'ono akutsokomola usana ndi usiku. Iwe unalibe mkazi, unalibe mwana. Zipinda ziwiri za nkhalamba imodzi? Ndinati tisinthane."

"Mukanandiuza, amama. Ndikanakana ine? Mlongo wanga yemwe?"

"Ukanabwera," anatero, osandiyang'ana. "Ukanabwera kudzakonza zinthu, monga umachitira. Ndiye kuno kunalibe ntchito. Tikanadya chiyani tonsefe?"

"Nanga za dzina langa, kuti ndine wakuba wosakaniza phula ndi oilo, munazimva?"

"Ndinazimva."

"Munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani, mwana wanga? Ndi mwamuna wa mlongo wako."

Sanapepese, ndipo sindikhulupirira kuti ankaona chopepesera. Anadzuka n'kuyamba kusonkha moto kuti andiphikire, ngati kuti tinkakamba za mvula.

Kuofesi sindinapite. Kukatsutsa pepala lija kunali kukanena pamaso pa anthu kuti amai anga ndi abodza, ndipo zimenezo sindikanatha. Ku Lilongwe sindinabwerere, chifuwa sichikanandilola. Ndinamanga chipinda china pambali pa cha amai, n'kudula mgolo pakati kuti ukhale chophikira phula, n'kuyambanso. Makasitomala akale ambiri sananditsegulire geti. Ena atsopano anandiyesa, naona okha, koma zinatenga zaka. Amai ndinawasamala mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo ndinawaika pafupi ndi bambo. Ndi Enelesi timapatsana moni pamaliro. Sitafodi anamwalira ali munthu wolemekezeka, tchalitchi chinadzaza.

Tsopano ndakalamba, fosholo sindinyamulanso. Achinyamata a ku Makululu akandiuza kuti akufuna kupita kunja kukasaka ntchito, sindiwaletsa. Amandifunsa ngati kumeneko anthu ndi ankhanza, ndipo ndimawauza zoona, kuti alendo anandiseka kalankhulidwe basi, sanandilande kanthu. Zaka zisanu zonse zija ndinkadzuka m'mawa ndikudziuza kuti kwathu akundifuna. Sindinalakwe. Ankandifunadi, amai, mlongo, mlamu, onse. Koma ankandifuna ndili kutali.