Kolala ya Malemu mu Uvuni

Mayi oumba oyandikana nyumba ndi Darlene kuno ku Ohio sadziwa kukhala pansi. Khofi amamwa ali chilili, foni amayankha akuzungulira pabwalo. Ntchito yawo ndi kuviika lesi, nsalu yoluka ya timabowo, m'phala la dongo loyera n'kuotcha mu uvuni. Ulusi umapsa wonse, koma dongo limasunga malukidwe ake.

Tsiku lina Darlene anawapititsira kolala ya lesi yothetheka imene malemu mayi ake analuka.

"Achemwali, moto subweza. Likasweka dongoli, mutsala manja lende," anachenjeza mayiwo.

"Otchani, ndisanasinthe maganizo."

Uvuni satsegula usanazizire, choncho awiriwo anaswera kulowa ndi kutuluka, osayang'anana. Potsegula, kolala inatuluka yathunthu, yoyera mbee, koma pakhosi panali kabowo kokhota.

"Apa mayi anu anaphonya. Ndinapaona poviika, dzanja linandiyabwa kuti ndipamate, koma ndinapasiya."

Darlene anapasisita ndi chala. "Sanaphonye. Ndinawakoka mkono ndine, ndikufuna andinyamule."

Mayi oumba aja anakoka mpando, nakhala. Khofi wawo anazizirira m'manja.