Mayi Prowse ndi Ana Omira pa Tebulo

Noelene Prowse anaphunzitsa kusambira theka la anthu a ku Gilgarra, ineyo ndili m'gulu lomwelo. Anali mayi wamfupi, wamapewa aakulu, khungu lake lopsa ndi dzuwa la kumadzulo kwa Queensland, ndipo wezulo sinkachoka pakhosi pake ngakhale m'tchalitchi. Dziwe losambiramo la khonsolo linali m'manja mwake kuyambira ali mtsikana. Ankatsegula geti, kuthira mankhwala m'madzi, kuvuula achule ndi njoka, ndipo masana ankagulitsa tchipisi pakawindo. Mwamuna wake, Merv, anali wometa nkhosa mpaka pamene msana unamukana.

Kenako kunabwera chilala chachitali chija. Nthaka inang'aluka, dziwe nalo linang'aluka pansi, madzi onse n'kutsikira m'menemo. Khonsolo inati idzakonza mvula ikagwa. Mvula sinagwe, ndipo Noelene anangokhala pakhomo, n'kumaimbira nkhuku wezulo.

Ife a m'mafamu a ng'ombe ana athu amaphunzira pakompyuta, poti sukulu ili kutali. Aphunzitsi amakhala m'tauni, mwana amakhala kwawo, mayi amakhala pambali kuonetsetsa kuti wophunzirayo sanathawire kukhola. Pulogalamu imene sukulu inkagwiritsa ntchito inkasintha teremu iliyonse. Ukangozolowera pamene pali batani, unkapeza alisamutsa. Chaka chimenecho anaikamo kabakha kojambula kolankhula, kamera yotha kuona mmene thupi la mwana likugwedezekera, ndi maphunziro atsopano angapo. Limodzi linali la kusambira.

Ahedi, Bambo Treloar, anamuimbira foni Noelene.

"Nanga anawo azisambira muti?" anafunsa Noelene.

"Pulogalamuyi siikufuna madzi, mayi. Ikungofuna mphunzitsi wokhala ndi satifiketi."

"Ndiye ine ndizichita chiyani?"

"Muziwayang'anira kuti asamire."

Noelene anaona kuti ntchito imeneyi sangailephere, ndipo anavomera.

Malangizo ankati mwana avale zosambirira, agone chafufumimba pa chinthu chokwera, manja ndi miyendo zili lendelende. Mwana wanga Tahlia tinamugoneka pa tebulo lositira zovala. Ena ankagona pa mabelo a ubweya, ena pa firiji yaikulu yosungira nyama. Mwana akamapalasa mpweya, pagalasi la kompyuta pankaoneka kamwana kojambula kakung'amba madzi abuluu, kabakha n'kumati, "Wachita bwino, pitiriza." Noelene ankawaona onse m'timabokosi ta pagalasi la kompyuta yake, atakhala mu ofesi ya sukulu, wezulo ili pakamwa.

Vuto linali kumira. Mwana akangosiya kugwedezeka, kaya akuingitsa ntchentche kaya akuyang'ana galu, belu linkalira ku ofesi, bokosi lake n'kufiira, ndipo pankatuluka mawu akuti mwanayu akumira. Noelene ankayenera kudina msanga batani lopulumutsira. Kudziwe lenileni kuja, zaka zonse zija, anthu amene anawavuula anali owerengeka, ndipo mmodzi wa iwo anali Merv ataledzera. Apa tsopano ankapulumutsa ana m'mawa wonse. Akachedwa pang'ono, pulogalamu inkatumiza uthenga wachipepeso kwa makolo. Ine ndinaulandira ndili kukhola, wonena kuti Tahlia wamira ndipo akhoza kudzayesanso Lachinayi. Nditalowa m'nyumba ndinamupeza akudya buledi ali chigonere patebulopo.

Posakhalitsa Noelene anandiimbira.

"Pepani amwali, ndinangopita kukathira tiyi."

"Musadandaule. Womirayo ali pompano, akufuna jamu."

Sanaseke. Kwa iye mwana womira anali womira basi, kaya m'madzi kaya pa tebulo. Anasiya kumwa tiyi nthawi ya ntchito, ndipo aphunzitsi anzake ankati ngakhale pophethira ankachita kutseka diso limodzi kenako linalo.

Teremu yotsatira anawonjezamo china. Makolo a m'mizinda anali atadandaula kuti phunzirolo silikufanana ndi zenizeni, choncho kamera inayamba kukana mwana wouma. Ife madzi ankatipeza pa lole, ndipo oti n'kuthira mwana wosada panalibe. Ndine amene ndinatulukira kuti mafuta ophikira amanyezimira chimodzimodzi, ndipo ndinauza anzanga onse. Tsiku loyamba Tahlia anaterereka n'kukagwa pansi chamutu. Ndisanamudzutse n'komwe, kabakha kanati wadumphira m'madzi mwaluso, n'kumupatsa nyenyezi. Nkhaniyo itamveka, ana onse anayamba kugwa dala, ndipo Noelene anachita kupempha makolo kuti aziyala matiresi.

Kenako pulogalamu inalamula kuti aphunzitsi nawo ayesedwe. Noelene anagona pa tebulo la kukhitchini kwake atadzola mafuta, Merv atamugwira miyendo, n'kusambira mmene ankadziwira: kupendeketsa thupi, kutembenuza mutu kuti apume, kubwezeranso nkhope pansi. Kamera ikangosowa nkhope yake, belu linkalira.

"Mayi, mwamiranso," anatero Merv.

"Gwirani miyendo, bambo. Belulo ndikulimva ndekha."

"Tadzutsani mutu, mukayang'ane kabakhako. Kakufuna mano."

"Munaonapo munthu akusambira akumwetulira?"

"Ine zimene ndaona pakhomo pano mwezi uno, sindingakanenso chilichonse."

Kabakha kanamuuza kuti asataye mtima, aliyense amayamba chonchi. Merv akuti Noelene anakatukwana mawu amene iye anali asanawamvepo ngakhale kometa nkhosa. Koma ntchito ankaifuna, ndipo ana ankawakonda, choncho madzulo aliwonse ankabwerera patebulo. Anaphunzira kuumitsa khosi, kuyang'ana kutsogolo ndi kuonetsa mano. Anakhoza, koma anamuika m'gulu la oyamba kumene, pansi pa ophunzira ake omwe, amene ambiri anali atalandira kale mendulo zagolide za pagalasi.

Kumapeto kwa chaka sukulu imasonkhanitsa ana onse kwa sabata imodzi kuti aonane maso ndi maso. Chaka chimenecho tinapita ku tauni yaikulu ya kum'mawa, kumene kunali dziwe lamadzi enieni. Bambo Treloar anaitana makolo tonse kuti tidzaone akatswiri athu. Ana anafola atavala zosambirira, ena akununkha mafuta ophikira chifukwa amayi awo anangowadzoza mwachizolowezi.

Noelene anaimba wezulo. Nthawi yomweyo ana anathamangira pa mabenchi a m'mbali mwa dziwe, n'kugona chafufumimba, n'kuyamba kupalasa. Kunena zoona ankaoneka bwino. Manja ankayendera limodzi, mitu ili njo, mano onse ali pamtunda. Makolo tinaomba m'manja, ndipo mayi wina pafupi nane anapukuta misozi.

"Chabwino," anatero Noelene. "Tsopano lowani m'madzi."

Analowa mbali yosaya, n'kungoima, madzi ali m'chiuno. Tahlia anayesa. Anadziponya kutsogolo mutu uli m'mwamba, akumwetulira, ndipo anamwa madzi ochuluka kuposa amene anamwa mwezi wonse kunyumba. Atatha kutsokomola anati, "Aphunzitsi, madziwa akundisokoneza."

Noelene anavula nsapato n'kulowa. Sabata yonseyo sanatuluke m'dziwe kupatula nthawi yakudya. Ankawagwira pamimba mmodzimmodzi, kuwauza kuti atseke pakamwa, aviike nkhope, atembenuze mutu akafuna mpweya. Mawu ake akale aja anabwerera, ofika mpaka koimika magalimoto. Ine ndinali ndisanamuone wosangalala chonchi chiyambire chilala. Pobwerera, ana ambiri ankatha kuoloka dziwelo, ngakhale kuti ena ankaiwala n'kumwetulira pakati.

Titafika kwathu, onse analephera. Akagona patebulo ankatembenuza mutu, kamera n'kusowa nkhope, belu n'kulira. Pulogalamu inawalanda mendulo n'kuwabwezera kwa oyamba kumene. Makolo anaitanitsa msonkhano wa pakompyuta, ndipo woyamba kulankhula anali Bambo Kettley, mlimi wa nkhosa amene ana ake awiri anali patsogolo pa kalasi yonse.

"Mayi Prowse, ana anga anapita kumeneko ali akatswiri, abwera ali omira. Mwawachita chiyani?"

"Ndawaphunzitsa kusambira, bambo."

"Ndiye muwachotse zimenezo. Mayeso ali pafupi."

"Nanga akadzagwera m'madzi?"

"Madzi ake ati? Kwathu kuno mbuzi zaiwala kuti mtambo umaoneka bwanji."

Ena anagwirizana naye, ena ayi, ndipo intaneti inkaduka aliyense akafika pachimake pa mawu ake. Bambo Treloar, amene sakonda mikangano, anagamula kuti pali kusambira kuwiri, kwa pamtunda ndi kwa m'madzi, ndipo Noelene aziphunzitsa konse koma ana asamasakanize. Noelene anachitadi zimenezo. Ankayamba phunziro ndi funso lakuti, "Lero tili kuti?" ana n'kuyankha kuti pamtunda, kenako n'kudzutsa mitu. Pamayeso anakhoza onse. Noelene yekha ndiye anasakaniza pa mayeso ake a aphunzitsi, n'kumira kawiri.

Chaka chatsopano chitayamba, tinatsegula kompyuta n'kupeza phunziro la kusambira palibe. M'malo mwake anali ataikamo loweta njuchi. Pulogalamu inali itasamutsira kale dzina la Noelene kumeneko, ndipo Bambo Treloar anamutsimikizira kuti njuchi sizifunika. Noelene anawathokoza, n'kunena kuti zakwana.

Merv anapeza chomwera ng'ombe chakale, chachitsulo, chachitali ngati bokosi la maliro la munthu wamtali, anachimata pamene chinkadontha, n'kuchikweza pa ngolo yokoka ndi galimoto. Kuyambira pamenepo awiriwa amayenda famu ndi famu. Akafika amachidzaza ndi madzi a pamjigo wa ziweto, amene kuno amatuluka otentha ndiponso onunkha ngati dzira lovunda, n'kudikira kuti azizire. Mwana amamumanga lamba m'chiuno, lambayo n'kumumangirira kumapeto kwa chomweracho, ndipo amasambira pamalo amodzi, Noelene ataima pambali. Ng'ombe zikamva fungo la madzi zimabwera, ndipo ntchito ya Merv ndi kukhala pampando ndi ndodo n'kumazipempha kuti zidikire. Phunziro likatha amatsegula pompi, madziwo amapita kwa izo. Makolo amawapatsa awiriwa mafuta a galimoto, nyama, ndi pogona.

Awiriwa atabwera kwathu komaliza, mwamuna wanga Wal, amene anakulira kutali ndi tauni ndipo sanalowepo m'madzi opitirira maondo, anazungulirazungulira ngoloyo akunamizira kuyang'ana matayala. Tahlia atalowa m'nyumba kukasintha, anayandikira.

"Mayi Prowse, kodi chinthuchi munthu wamkulu angakwanemo?"

Noelene anamuyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato.

"Mukapinda maondo mukwana. Kavuleni jombozo."

Wal anapita kukavula.