Tsiku Limene Chithunzi Changa Chinapha Apongozi

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi, ndipo kasitudiyo kanga kali kuseri kwa msika ku Chipata. Chimene chimandiwawa pantchitoyi ndi anthu otola zithunzi zanga pa intaneti ngati mango ogwa okha. Umajambula ukwati tsiku lonse uli chiimire, mawa lake nkuchiona chithunzicho pachikwangwani cha telala wina, dzina lako atalidula. Nditatopa nazo, ndinayamba kudinda dzina la situdiyo ndi nambala ya foni pamimba penipeni pa munthu wojambulidwayo, kuti wofuna kudula adule munthu yemwe.

Amene sankaiwerengera konse ntchitoyi anali apongozi anga aamuna, mphunzitsi wopuma amene ankalima mtedza ku Chipangali. Mwamwambo sitinkalankhulana maso ndi maso. Mawu ankadzera mwa mkazi wanga ngakhale titakhala pabwalo limodzi, ndipo anali omwewomwewo chaka ndi chaka: "Uwafunse amuna akowo, ntchito yeniyeni adzayamba liti?" Zinkandipweteka, sindibisa. Ndinkalakalaka kuti tsiku limodzi lokha adzavomere kuti chimene ndimachitachi ndi ntchito.

Tsiku lina apongoziwo atabwera kutauni kudzakonzetsa magalasi, mkazi wanga anawanyengerera kuti ajambulitse. Anakhala pampando ndi suti yawo yakuda, nkhope ili ndwii ngati akuyang'anira mayeso. Chithunzicho chinatuluka bwino moti ndinachiika patsamba langa la pa intaneti, chidindo chili pamimba.

Apongoziwo anali m'bungwe la aphunzitsi opuma, lothandizana pa matenda ndi pa maliro. Chaka chimenecho bungwelo linati liyende ndi nthawi. Mphwake wa tcheyamani wa bungwelo, wokhala ku Lusaka, anawapangira pulogalamu ya pafoni, imene iwo ankangoti apu, yolengezerapo misonkhano ndi mauthenga a maliro. Pofuna kuonetsa akuluakuluwo mmene uthenga wa maliro uzionekera, mphwakeyo anafufuza pa intaneti chithunzi cha bambo wooneka waulemu, ndipo anapeza apongozi anga. Sankawadziwa, ndipo sanafunse munthu. Anawaika m'kafelemu kakuda, kandulo uku, kandulo uku, pansi nkulemba kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Mawu akuti "chitsanzo chabe" analipo, koma aang'ono kwambiri, ndipo maso a aphunzitsi opuma amangoona zikuluzikulu.

Foni yanga inayamba kulira ndili mkati mojambula mwana wa ubatizo.

"Pepani nazo zovutazi, bambo," anatero mayi wina. "Mwambo uliko mawa, kapena mudikira a kutali?"

Asanamalize, wina anali akuimba kale: "Ine dzana lomweli ndawaona akukumba mtedza! Moyo uno, amwene!"

Aka kanali koyamba kuti wakuba asiye dzina langa pachithunzi, ndipo analisiya pamimba pa maliro. Mkazi wanga anayamba kulira, mpaka wina atatitumizira uthengawo ndipo tinaona timawu tija. Tinayesa kuimbira kumudzi, koma kumeneko netiweki imagwira ukakwera pachulu, ndipo apongozi sanali munthu wokwera chulu popanda chifukwa. Tinathamangira minibasi.

Tinafika mochedwa pang'ono. Azimayi a bungwe anali atatsika kale kumsewu, mitolo ya nkhuni ndi ufa pamutu, ndipo monga mwa mwambo anayambira komweko kulira. Apongozi aakazi, pomva kulirako, anatuluka m'nyumba nkulowa m'gulumo, nawonso akulira ndi mtima wonse. Kufunsa kuti wamwalira ndani amafunsa pambuyo, woyamba ndi ulemu.

Malemuwo anali pakhonde, akusenda mtedza m'lichero. Azimayi a kutsogolo atawaona anaima, pakamwa pali yasa. A kumbuyo, osadziwa kanthu, anapitiriza kulira mokweza. Mayi wina anataya nkhuni nkulowa m'munda wa thonje, ndipo anakamupeza patali ndithu.

Zinthu zitazizira tinakhala pansi pa mtengo, tcheyamani, amene nayenso anali atafika, ali thukuta kamukamu. Pofuna kudzipulumutsa, anaonetsa uthengawo pafoni yake nkuloza ine.

"Koma dzina ndi nambala zili apazi ndi za mkamwini wanu, aphunzitsi. Chithunzichi chinachokera kwa iyeyu."

Magazi anga anawira. Kundibera andibere, mlandu wakupha apongozi andipatsenso ine? Koma pamaso pa apongozi mkamwini sakweza mawu, ndiye ndinangoluma mlomo nkuyang'ana nsapato zanga. Mumtima ndinati basi, ulemu wochepa umene ndinali nawo pamudzi pano wathera pomwepa.

Apongozi anapempha foniyo, navala magalasi, nkudziyang'ana nthawi yaitali ali pakati pa makandulo awo.

"A tcheyamani," anatero, "nkhopeyi ndi yanga, simunandipemphe. Chithunzichi ndi thukuta la mkamwini wanga, simunamupemphe. Mbuzi ya mwini mukaipeza pamsewu, mumaitenga chifukwa ilibe chingwe? Iyi chingwe inali nacho, dzina ndi nambala yomwe."

Tcheyamani anapepesa, nalonjeza kuti mphwake achotsa chithunzicho tsiku lomwelo. Ndipo apongozi anatembenuka, osayang'ana mwana wawo ayi, koma ine.

"Bambo, ntchito yanu mumaidziwa. Sindinadziwe kuti ndingaoneke bwino chonchi nditafa. Tsiku lenilenilo likadzafika, chidzakhale chomwechi. Koma adzayambe akupemphani." Kenako anauza azimayi aja kuti nkhunizo asabwerere nazo, poti zafika kale.

Anthu anaseka mpaka misozi. Inenso ndinaseka nawo.

Anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, akumadzitcha malemu akafuna kuthawa msonkhano. Tsiku lenilenilo litafika, tcheyamani yemwe uja sanaimbe foni. Anabwera yekha kusitudiyo, anavula chipewa pakhomo, nati, "Odi, bambo. Tabwera kudzapempha chithunzi chija, ngati mungatilole."

Zaka zonsezo ndinkafuna kuti munthu adzandipemphe chithunzi asanachitenge. Tsikulo ndinangogwedeza mutu movomera, nkulira pamaso pa makasitomala.