Chifunga cha pa galasi la atsibweni

Malasha atayamba kukumbidwa mwamphamvu ku Moatize, anzanga ambiri a ku Zobwe anatsikira ku mgodi. Ine ndinatsika nawo, koma mgodi sunandifune, ndiye ndinakathera pamalo otsukira magalimoto m'mbali mwa msewu wopita ku Tete. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kugwira makina osalazira galasi. Ndi kamakina ka magetsi kogwira ndi manja awiri, kutsogolo kuli kachiguduli kolimba kozungulira. Umasungunula ufa wofiirira m'madzi mpaka ufanane ndi phala la mwana, n'kupaka pa galasi, n'kumayendetsa makinawo pang'onopang'ono uku ukuwaza madzi. Ukaima pamalo amodzi galasi limatentha n'kusweka, ndiye dzanja lisaime ndipo madzi asaume.

Ntchito sinkasowa. Fumbi la malasha limagwa paliponse, ndipo munthu akaliona pa galasi amathamangira kupukuta ndi chinsanza chouma. Pamenepo ndiye walikala. Ndinkachita kuuma pakhosi ndi kuwauza oyendetsa magalimoto kuti ayambe athira madzi, koma zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali. Amayi a ku Chipanga nawonso ankabweretsa akalilole ndi magalasi a makabati atakulunga m'zitenje. Amenewo ndinkawagwira mwaulemu chifukwa ndi opyapyala. Lamulo langa linali limodzi: ndiyendetse chikhadabo pa mzere. Chikangodutsa, mzerewo uchoka. Chikakodwa, ndinkanena mosabisa kuti apa makina alibe mphamvu.

Atsibweni anga, alongo awo a mayi, ankayendetsa shapa, minibasi yonyamula anthu pakati pa Zobwe ndi Moatize. Ndiwo anatitsogolera pobwerera kwathu kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndili kumsana. Shapa imeneyo inali yawoyawo, ndipo inkadyetsa mbumba yonse. Feteleza wa mbatata za mayi ankachokera mmenemo, mayunifolomu a ana a kusukulu mmenemo. Anali munthu wosakonda zolankhulalankhula, ndipo akanena chinthu kwathu sikunkakhala wowonjezera.

Tsiku lina anaimika shapa pamalo pathu atatsitsa anthu.

"Mphwanga, galasi langali lachita chifunga. Dzuwa likandiwomba kumaso sindiona bwino msewu. Talidutsitsa makina akowo."

Galasilo linalidi ndi mizere yopindika pamene pamadutsa zopukutira mvula. Ndinalisalaza ndi mtima wanga wonse, pofuna kuti aone kuti mwana wa mlongo wawo sanapite ku Moatize kukasewera. Nditamaliza linali mbee, moti ntchentche ikanadzigunda. Iwo anakwera, n'kuyang'ana, n'kungoti, "Eya, kwachepako." Zinandiwawa, koma ndinameza.

Sipanapite nthawi anabweranso, nkhani yake yomweyo. Ndinayendetsa chikhadabo paliponse, osapeza kanthu. Ndinasalazabe kuti ndisawakhumudwitse. Atabweranso ulendo wina ndinayamba kuwayang'ana iwowo m'malo mwa galasi. Ndinaona kuti akamatsika amayamba apapasa chitseko. Ndinaonanso kuti sandizindikira ndikadali patali, amadikira ndilankhule. Kondakitala wawo, bambo wachikulire amene anayenda nawo zaka zambiri, anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Masiku ano ndimakhala kutsogolo," anatero motsitsa mawu. "Ndimawauza ndine kuti apo pali njinga, apo pali mbuzi. Dzana potsetsereka paja tikanalowa kunsi kwa lole yoima. Iwo anaiona titafika kale."

Mtima wanga unagwa. Msewu wa ku Zobwe ndi wa malole akuluakulu ochokera kumalire, ndipo shapa ya atsibweni inkadzaza amayi a madengu a tomato ndi ana kumsana. Ndinadziwa kuti vuto lili m'maso mwawo, komanso ndinadziwa kuti akasiya chiwongolero, kwathu kugwa njala.

Loweruka ndinakwera kumudzi kukawauza mayi. Ndinawapeza akusankha mbatata pakhonde. Anandimvetsera mpaka kumapeto manja ali pantchito.

"Ndinaona kale," anatero. "Tsiku lija kutchalitchi anagwira buku la nyimbo chozondoka. Koma iwe ungakawauze atsibweni ako kuti maso awo atha? Amene adzakuimire pa ukwati ndi omwewo. Ine ndinayesa, anandiyankha kuti ndi fumbi la ku Moatize."

Ndinabwerera ku Moatize. Kwathu mwana sauza mwini mbumba kuti wafooka, ndipo ine ndinalibe mawu oyambira. Usiku ndi usana ndinkangomva ngati foni ilira kuti shapa yagwa.

Anabweranso mwezi wa Okutobala, nthawi ya kutentha kwa ku Moatize kumene ngakhale agalu safuna kuuwa. Galasi linali lotentha losagwirika, ndiye ndinakankhira shapa pamthunzi n'kutsitsa mazenera onse a kutsogolo kuti mphepo idutse lizizire. Timatero nthawi zonse tisanayatse makina.

"Atsibweni," ndinayamba, "galasi ili ndikapitiriza kulidya lipyapyala. Msewu muzidzauona ngati ukuvina."

"Iwe gwira ntchito. Kapena ufa wakowo ndi wabodza?"

Apo ndinapsa mtima pang'ono, chifukwa za ufa wanga sindifuna munthu azinena. Koma ndinangowaza madzi, n'kudutsitsa makina mopepuka, n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Iwo anali atakhala pa benchi, chipewa chili pa bondo. Nditawaitana anakwera pampando wawo, ine n'kuima panja pafupi ndi chitseko. Anayang'ana kutsogolo nthawi yaitali, akutsinzinira. Kenako anatembenukira kumbali kumene ndinaima.

"Nanga ilinso la m'mbalili bwanji sunaligwire? Taona, chifunga chokhachokha."

Anatulutsa kansalu m'thumba la malaya kuti andionetse pamene pali chifungacho. Dzanja lawo linadutsa pazenera lotsitsa lija n'kudzagunda pachifuwa panga.

Silinachoke msanga dzanjalo. Ndinalimva likupapasa batani la ovolosi yanga, kenako linatsika n'kupeza m'mphepete mwa chitseko mmene galasi linabisala. Kondakitala anayang'ana kumbali. Ine ndinangoti njo, botolo la madzi lili m'manja. Ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo munthu wamkulu, ndipo ndinachita manyazi ngati ndawaona ali kubafa.

Anapinda kansalu kaja bwinobwino n'kukabwezera m'thumba.

"Unadziwa liti?"

"Kanthawi ndithu, atsibweni."

"Mayi akonso?"

"Eya."

Anagwedeza mutu. Kenako anazula makiyi, n'kutsika, n'kuzungulira kutsogolo dzanja lili pa shapa, n'kukakhala pampando wa wokwera. Makiyiwo anandipatsa ine. "Anthu a ku Zobwe akudikira pa siteji. Uyendetse pang'onopang'ono, mabuleki ake amagwira mochedwa."

Tsiku limenelo ndinasiya makina osatsuka. Titayamba kukwera mapiri mphepo yozizira n'kulowa, anandiuza kuti ndisinthe giya.

Kuchipatala ku Tete anati ndi ng'ala, m'maso onse awiri. Tinadikira miyezi ingapo kuti nthawi yawo ikwane, ndipo miyezi imeneyo inali yowawa. Shapa ankayendetsa mkamwini wina, mwamantha, maulendo ochepa, moti chaka chimenecho mayi anabzala mbatata theka la munda. Diso lamanja linachira bwino. Lamanzere madokotala anati linachedwa. Atsibweni sanabwererenso pa chiwongolero. Palibe anawaletsa, anangonena okha tsiku lina pakhonde kuti diso limodzi si lonyamulira ana a eni, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Masiku ano amakwera shapa yawoyo akafuna, pampando wa kutsogolo, botolo la madzi lili pamiyendo. Mkamwini akangogwira chinsanza chouma amamulanda. Ine ndikadali pamalo pomwe paja, ngakhale magalimoto a ku mgodi anachepa poyerekeza ndi kale.

Ulendo woyamba kubwera kwa ine atachotsa bandeji, anatsika osapapasa chitseko. Anandizindikira ndili kutali, n'kundiuza kuti ndanenepa. Kenako anaima kutsogolo kwa shapa, n'kupendeketsa mutu kuti diso labwino ligwire ntchito, n'kuyendera galasi lonse kuyambira pamwamba. Pakona yakumunsi anaima, n'kuyendetsa chikhadabo.

"Mphwanga, bwera kuno. Apa unasiya."

Ndinawerama n'kuyang'ana. Kamzere kanalipodi, kakang'ono ngati tsitsi, ndipo ine ndinali nditakadumpha maulendo onse aja. Ndinapita kukasungunula ufa misozi ili m'maso.