Mmene Ndinkalendewera pa Sikelo ya Masamba

Chaka chimene anesi a pakiliniki ya paesiteti anandiuza kuti magazi anga akuthamanga, ndinkayendetsa thirakitala yotuta masamba a tiyi kuchokera m'minda kupita kufakitale. Ntchito yake ndi yokhala pampando tsiku lonse, ndipo paliponse pamene ndinkaima pankapezeka wogulitsa zitumbuwa, nthochi kapena chinangwa chophika. Mimba inakula mpaka inayamba kuthandiza nawo kugwira chiwongolero. Anesiwo anandilangiza kuti ndichepetse thupi, ndipo mwatsoka anauzanso akazi anga, poti amaimba kwaya imodzi.

Kunyumba zinthu zinasintha tsiku lomwelo. Mitanda ya nsima inachepa, mchere unkangodutsa pa ndiwo ngati mlendo wofunsa njira, shuga anakabisidwa kumene sindinakupeze. Ine, munthu wokhala pakati pa minda ya tiyi, ndinayamba kumwa tiyi wowawa.

Munthu ukamavutika chonchi umafuna kuona phindu lake. Pashedi pamene otchola tiyi amayezetsa masamba panali sikelo yopachika pamtanda wa denga, ya ngowe yokolekapo matumba. M'mawa uliwonse, otchola asanabwere ndi madengu, ndinkagwira ngoweyo ndi manja awiri, n'kupinda mawondo, n'kulendewera ngati mbuzi ya pabutchala. Muvi wa sikelo sindinkauona, choncho ankandiwerengera ndi akalaliki a pashedipo, bambo wachikulire amene sindinawaonepo akuseka. Ankatchula makilo anga ndi mawu omwewo amene ankatchulira thumba la masamba.

Masiku oyamba muvi unkatsika pang'onopang'ono, ndipo ndinkayendetsa thirakitala ndikuimba mluzu. Kenako unayamba misala. Tsiku lina ndinagonera mphonda ndi madzi basi, kutacha akalaliki anati ndakwera ndi kilo. Lamlungu lotsatira tinapita kwa apongozi ku Nsabwe, kumene ndinadya nyemba za kalongonda mbale ziwiri ndi nkhuku yachikuda akazi anga ali kuseri akutsuka mbale. Lolemba ndinalendewera mtima uli phaphapha, koma akalaliki anati ndatsika.

Madzulo ndinafotokozera akazi anga mwaulemu kuti ndatulukira mankhwala: kalongonda amaondetsa, ndiye tizimuphika tsiku ndi tsiku. Iwo anandifunsa kuti:

“Bambo, kalongonda akanakhala woondetsa, amalume anu omudya tsiku ndi tsiku aja bwenzi akulowa pakhomo cham'mbali chifukwa cha kunenepa?”

Ndinasiya nkhaniyo, ndipo zinadziwikanso kuti ku Nsabwe ndinadya chiyani.

Poona kuti chakudya sichikulongosola kanthu, ndinayamba kukayikira zovala. Ndinkavula jombo, chifukwa dothi lathu lofiirali likamatirira limalemera. Ndinkatulutsa makiyi ndi foni m'thumba. Ndinameta ndevu. Ndinkapita kaye kuseri kwa mitengo ya bulugamu, n'kubwera ndikuthamanga kuti thupi lisapezenso mpata wodzaza. Muvi unkangochita zake: lero pansi, mawa pamwamba, mkuja pamene unali dzana. Ndipo tsiku langa lonse linkatsatira muviwo. Ukatsika ndinkapatsa moni ngakhale agalu. Ukakwera ndinkalalatira thirakitala.

Tsiku lina kunagwa mvula ndipo ndinafika nditanyowa. Ndinakumbutsa akalaliki kuti masamba akanyowa amachotserapo makilo a madzi, ndiye achite chimodzimodzi kwa ine. Anayankha osatukula nkhope kuti masambawo amakayanikidwa kufakitale, ngati ndikufuna andilembe nawo m'gulu lokayanika.

Zinafika pachimake m'mawa wina wa chiperoni, nkhungu itaphimba minda yonse moti sunkaona mzere wachitatu wa tiyi. Dzulo lake ndinali nditakwera popanda chifukwa, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti lero choonadi chidziwike. Ndinavula jekete, ovolosi, malaya, ndi masokosi omwe, n'kutsala ndi kakabudula kam'kati kamaluwamaluwa kamene akazi anga anandigulira pa kaunjika ku Boma. Ndinagwira ngowe yozizira, ndinapinda mawondo, n'kuuza akalaliki kuti awerenge msanga. Iwo anayamba kupukuta magalasi awo, poti anachita nthunzi.

Nthawi yomweyo m'nkhungumo munatulukira amayi otchola tiyi, gulu lonse, atabwera kudzabisala mvula yowaza. Anaima pakhomo la shedi madengu ali kumsana. Ndinaganiza kuti ndikatsika ndiye kuti ndiyenera kutembenuka n'kuwayang'ana, choncho ndinangolendewerabe, ndikuzungulira pang'onopang'ono pa ngoweyo mpaka ngowe inanditembenuza yokha. Mayi wina wachikulire ananong'oneza mnzake m'Chilomwe kuti thumba ili lokha lingakwanire malipiro a gulu lonse. Chilomwe ndimamva bwinobwino.

Kenako kunamveka njinga yamoto, ndipo abwana oyang'anira minda analowa akuvula chipewa. Anayang'ana ine, anayang'ana mulu wa zovala zanga, n'kufunsa akalaliki mofatsa:

“Tsamba ili latcholedwa munda uti?”

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali itafika kukiliniki, ndipo anesi ananditumizira uthenga kuti ndipiteko. Atamaliza kuseka ndi kupukuta misozi, anandifotokozera kuti thupi la munthu aliyense limakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, malinga ndi madzi amene wamwa, mchere umene wadya, ndi zimene zikadali m'mimba. Mafuta sachoka usiku umodzi ndipo sabwera usiku umodzi. Anati ndizipita kwa iwo kamodzi pamwezi, pa sikelo ya anthu, nditavala.

Ndinamvera. Patapita miyezi ingapo thupi linatsikadi ndithu, magazi anayamba kuyenda mwaulemu, ndipo ndinaboola lamba pena. Abwana analamula kuti ngowe ija ndi ya masamba okha.

Komabe m'mawa wina nditafika pashedi kudzatenga matumba, ndinapeza akalaliki ali okha, jekete atakoleka pamsomali, nsapato ataziika pambali bwinobwino. Anasuzumira kunja mbali zonse ziwiri. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti nawonso mayi akunyumba awachepetsera mitanda, ndipo anandipempha kuti ndiime apa ndiwawerengere muvi, koma ndisatchule mokweza.